Kabotolo Kali Pansi pa Diresi la Buluu

Liwonde,
Loweruka masana

Felesiya,

Usadabwe kuti bambo ako akulembera kalata pomwe tikugona nyumba imodzi. Ndayesa kukulangiza pakamwa kuyambira Lolemba, koma ndikangoyasamula mumatuluka nthabwala, iwe n'kuseka, ine n'kuseka, tsiku n'kutha. Ndiye ndati mwina pepala lindigwira. Zolakwika uzikonze wekha, wa Fomu Folo ndiwe. Ine sukulu ndinaisiya mu Sitandade Faifi aphunzitsi akadali pa bolodi, ndipo mpaka lero sanabwere kudzandifuna.

Ndikulemba pakhonde, pamwamba pa mashini, dzuwa likadalipo. Iwe wapita ku baraji, pa mlatho wa Shire, kukatsanzikana ndi anzako. Mawa basi ikutenga wa ku Blantyre kukaphunzira unamwino, ine n'kutsala ndi mashini ndi mphaka, ndipo mphakayo nthabwala zanga saseka.

M'mawa uja ndimaika diresi la buluu m'sutikesi mwako, lija ndamaliza dzuloli. Sindimafufuza, iyayi. Ndimafuna ndiliyale bwino pansi kuti lisakwinyike. Dzanja langa n'kugunda kabotolo kobisa m'sokosi. Mafuta oyeretsa khungu. Sindinachite kuwerenga, fungo lake ndimalidziwa kale. Ndakabwezera momwemo, m'sokosi momwemo, diresi pamwamba. Tibwerako ku kabotoloko. Ndiyambe kaye ndi nsalu, zomwe ndimazidziwa.

Chaka chimene ndinathawa sukulu ndinagwera kwa Che Adamu, telala wachiyawo amene anandiphunzitsa ntchitoyi pakhonde lomwe lino. Iwe umangowakumbuka ndevu. Mwezi wathunthu sanandilole kugwira sizasi. Ankangondikhazika pambali pawo, munthu akamadutsa n'kundifunsa, "Mwanache, mwana iwe, uyo ndi wa nyengo yanji?" Ine n'kumati mdalayu mutu wake wauma ndi dzuwa. Iwo ankati anthu ali ngati chaka, magawo anayi. A dzinja ndi akuda bii, khungu lowala ngati dothi la kudimba mvula itangokata. Amenewo amafuna mitundu yolimba, yosasukuluka: yoyera mbee, buluu wa inki, yobiriwira ngati chimanga chothira feteleza. A masika ndi ofiirira, khungu lofunda, amafuna mitundu ya maungu, ya njerwa, ya chikasu. A chisanu ndi otuwirako ngati madzi a Shire m'mawa wa Juni, amafuna zofatsa, buluu wa utsi, pepo wozizira. A chilimwe ndi oyererapo, amapirira zowala, lalanje, mango akupsa. Palibe nyengo yoposa inzake, ankatero. Pali nsalu yoikidwa pa munthu wolakwika basi. Iwe ndiwe wa dzinja, Felesiya. Dzinja lenileni, la Januwale. Usaiwale.

Kulakwa kwanga koyamba kunali pa mkwatibwi wa kwa Kalembo. Anabwera ndi azakhali ake madzulo, Che Adamu ali kumzikiti, ine n'kumadzimva ngati bwana. Ndinawalowetsa m'sitolo, mkati mwa mdima muja, tinasankha nsalu ya chikasu pa nyali. Pa nyalipo inkaoneka golide. Ndinamuuza mtsikanayo kuti amuna ake akakomoka. Tsiku la ukwati, pa dzuwa la masana, mwana wa eni ake ankaoneka ngati wangotuluka m'chipatala ndi malungo. Maso achikasu, milomo yotuwa. Azakhali aja anabwera Lolemba, anaima apa pomwe pali mpandopa, n'kundiuza kuti, "Iwe, anthu amatipepesa pa ukwati." Ndiye tamvera. Nsalu usasankhire m'sitolo. Masitolo a ku Blantyre ali ndi magetsi onama kuposa nyali yathu ija. Upemphe utuluke nayo pakhomo, uime pamthunzi koma kuwala kukufika, nkhope yosamba yopanda chodzola, uiike pansi pa chibwano. Usayang'ane nsaluyo. Yang'ana maso ako, mano, ndi m'munsi mwa masomu. Maso akayera, nkhope n'kusalala ngati wagona bwino, yakukhala. Ukaoneka wotopa, ibweze, ngakhale wogulitsayo alumbire pa manda a agogo ake. Wogulitsa aliyense ndi ine wa tsiku lija.

China, usatengere mnzako. Ine ndinali ndi mnzanga wogwira ntchito ku njanji, munthu wofiirira, wa masika. Anasoketsa kwa ine suti ya safari ya bulauni, inamukhala mpaka atsikana a pa msika ankaiwala kubweza chenji. Ndinati nanga ine amene ndasoka ndilekerenji. Ndinadzisokera yangayanga, nsalu yomweyo. Ndinayenda nayo kuchokera pano mpaka pa siteshoni, mapewa m'mwamba. Pobwerera Che Adamu anangondiyang'ana n'kufunsa, "Chulu ichi chikuyenda chikupita kuti?" Sutiyo ndi imene mphaka amagonera pano. Kumene ukupitako mukagona atsikana ambiri chipinda chimodzi, mukabwerekana zovala, ndikudziwa. Bwereka sopo, bwereka ayironi. Bulauzi ya khaki, ya bulauni, ya chikasu chotuwa, imsiyire mwini wake. Ndiwe wa dzinja. Mwayi wako yunifomu ya anamwino ndi yoyera. Anzako ena ikawameza, iwe ukayaka ngati tochi, odwala azikachira pongokuona.

Pali nsalu imodzi yokha imene malamulo onsewa sagwirapo ntchito: ija amayi amavala pokavina kumsonkhano wa chipani, ya nkhope ija. Tsiku lina amayi ena aakuluakulu a m'dera muno anabwera nayo kuti tiwasokere bulauzi. Ine pakamwa panga paja, ndinayamba, "Amayi, mtundu uwu pa inu ndiye…" Che Adamu anandiponda chala pansi pa mashini mpaka chikhadabo chinachoka patapita sabata. Mdalayo nkhope ili gwa, akuti, "Chambone, amayi, n'chabwino zedi." Amayiwo atachoka anandiuza kuti, "Imeneyo imakhala aliyense." Wamva, Felesiya? Aliyense. Akakupatsa uvale, uvine, utseke pakamwa. Ndipo mipendero ya madiresi ako onse ndaitsitsa zala zitatu pansi pa bondo. Usakaipinde, ndikudziwa ndakuphunzitsa singano. Bondo lako palibe amene akulifuna ku Blantyre, koma ofuna kuliyeza ndi ambiri.

Za zodzola, ine si mkazi koma ndaona nkhope zambiri pa mpando uwu kuposa galasi. Paudala wa m'sitolo sanapangire iwe. Ukadzola ukaoneka ngati wachokera kuchigayo. Mafuta wamba pang'ono akukwanira. Ngati wafuna lipisitiki, ndipo ndikudziwa ufuna, tenga wofiira wakuda, wonga nthudza zakupsa, osati wa lalanje. Wa lalanje pa iwe anthu azikufunsa ngati wadya chipwete ndi tsabola. Wanja wa m'maso, uja amadzola anzako achisilamu, ameneyo ndiye wako, koma kamzere kamodzi, osati ngati wamenyedwa.

Tsitsi nalonso ndinalakwa nalo ndekha, ndiye usanditsutse. Imvi yanga yoyamba inatuluka ndili ndi zaka makumi atatu, pamphumi penipeni, yopanda ulemu. Tinali ndi ukwati ku Balaka, ine wotsogolera mwambo. Ndinatenga polishi wa nsapato wakuda n'kupaka mutu wonse. Pofika masana kunja kunatentha, kenako mvula. Ndikulankhula pamaso pa anthu, ndikumva chinthu chikuyenderera m'khosi. Kolala yoyera ija inasanduka msewu wa tala. Mkulu wina anakuwa ali kumbuyo kuti, "Atelala akusungunuka." Tsitsi lako ndi lakuda ngati khungu lako, lisiye choncho. Mankhwala opotera tsitsi aja amalifiiritsa kunsonga, ndipo tsitsi lofiirira pa munthu wa dzinja limaoneka ngati la mwana wosowa zakudya. Wigi ya bulauni ayi. Luka, pesa, kapena meta. Mutu wako ndi wabwino, unatengera kwa ine, chinthu chokhacho chimene ndinakupatsa chabwino.

Ndazungulira mokwanira. Dzuwa lafika pa mwendo wa mashini. Tiye ku kabotolo.

Mayi ako ndinawaona koyamba njanji ikumangidwa kumene, akugulitsa makumba owamba pafupi ndi pomwe pali siteshoni pano. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndevu zitatu. Anavala bulauzi yoyera ndi chitenje cha buluu. Che Adamu anandigunda ndi chigongono n'kuti, "Dzinja ndi limenelo. Uliloweze." Ine ndinapita pomwepo, manja m'thumba, n'kuti, "Achemwali, tasekani pang'ono ndione pomwe mwaima." Iwo osatekeseka, akuti, "Inu ndiye nyali? Gulani nsomba muzipita." Ndinagula nsomba masiku khumi otsatizana, ine munthu wodwala nazo m'mimba. Chaka chisanathe iwe unali m'njira.

Nthabwala ija sindinaisiye, ndi pamene panali vuto. Ndinawapatsa dzina loti Mdima. Alendo akabwera ndinkati, "Kuno tikazimitsa nyali mkazi amasowa, timachita kuitana." Anthu n'kumagubuduka. Mayi ako poyamba ankaseka nawo, ankabwezanso. Kenako ankangomwetulira. Kenako ankangodzuka kupita kukhitchini. Ine ndinkaona ngati atopa ndi ntchito. Munthu woti ndikhoza kuona kuti nsalu yamutopetsa munthu ali tsidya la msewu, mkazi wanga sindinamuone.

Tsiku limene ndinawamaliza tinali ku dansi ku Balaka. Kunalowa mayi wina wa m'tauni, woyera ngati mkati mwa mbatata. Ine ndili pakati pa anzanga, mayi ako ali pambali panga atanyamula jekete langa, ndinati, "Koma kunja kuno kuli anthu osamba." Anzanga anaseka. Ine ndinaiwala tisanafike ndi kunyumba komwe. Mayi ako sanaiwale.

Patapita milungu ingapo ndinamva fungo lachilendo m'nyumba. Fungo lomwe lija ndalimva m'mawa uno m'sokosi yako. Nkhope yawo inayamba kuyera. Ukuganiza ndinawaletsa? Ndinawaombera m'manja. Ndinati, "Eya, tsopano kwayamba kucha." Ndinawasokera diresi la lalanje, ine yemwe, wophunzira wa Che Adamu. Nkhope inali ya chilimwe, khosi ndi manja zikadali za dzinja, mfundo za zala zakuda bii. Palibe nsalu padziko pano imene ingakhale munthu wogawanika choncho. Che Adamu atawaona akudutsa anasiya kupalasa mashini, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyambanso kupalasa.

Kenako inafika Okutobala. Ukulidziwa dzuwa la ku Liwonde, ndipo iwo ankakhala pa msika tsiku lonse. Masaya anapsa. Panatuluka zigamba zakuda kuposa mmene analili kale, zokhakhala ngati khungwa, ndi tizilonda. Kuchipatala anati asiye mafutawo. Atasiya, zigamba zinakula. Atayambiranso, zinanyeka. Anasiya kupita ku msika, anasiya kutchalitchi, galasi analitembenuzira kukhoma.

M'mawa wina anabwera pakhonde pano anthu asanayambe kudutsa. Anakhala pa mpando wa makasitomala, anavula duku, anatola kansalu koyera pansi n'kundipatsa. Akuti, "Bambo a Felesiya, tandiikani pakhosi. Mundiuze, ndine wa nyengo yanji tsopano?" Ndinaika. Ndinayang'ana. Felesiya, ndinachita mantha. Ndipo ine ndikachita mantha umadziwa chimene chimatuluka. Ndinati, "Inu ndiye mwaposa onse, ndinu chaka chathunthu." Sanalire. Anapinda kansaluko bwinobwino, kanayi, n'kukaika pa mashini. Lachisanu lake amalume ako anabwera kuchokera kwa Phalula kudzawatenga.

Amalume ako ankafuna akutenge ndi iwe, monga mwa mwambo, mwana ndi wa kuchikazi. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, utagwira mwendo wa mashini. Mayi ako anakana. Anati, "Musiyeni, sukulu ili pafupi kuno. Ndipo bambo akewa azimuyang'ana tsiku ndi tsiku, aziona chimene ankachiseka." Ndakuyang'ana zaka khumi ndi zitatu. Nkhope yako ndi ija ya pa makumba ija, yonse, mpaka kakuseka ka mbali imodzi.

Iwe umadziwa kuti mayi ako ali ndi matenda a pakhungu. Ndine ndinakuuza zimenezo, ndipo iwo ukapita pa holide sanditsutsa, kaya chifukwa chiyani. Si matenda. Ndi kabotolo ngati kako, ndi pakamwa panga.

Ndiye taona uchitsiru wake. Munthu woti zonsezi zamuchitikira, mwana wake n'kumutchanso Kamdima. Kuyambira uli wa Sitandade Wani. "Kamdima, tenga madzi." "Kamdima, seka tikuone." Ndinkati ndi dzina lachikondi, poti umayankha. Mayi akonso ankayankha. Lero m'mawa, nditagwira sokosi ija, ndinayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene unaseka nditakuitana choncho. Sindinalipeze. Ndinakhala pa bedi pako mpaka kasitomala anachita kugogoda pa mashini.

Mwina si ine ndekha. Mwina ndi anzako, mwina ndi zithunzi za m'makalendala, mwina pali kamnyamata kena kopanda nzeru ngati ine kanakuuza zinazake. Ngati kalipo, kabweretse ndikayeze khosi ndi tepi. Koma woyamba ndine, ndipo sindikukana.

Chaka chatha popita kukagula nsalu ku Limbe sindinadzere ku Zomba. Ndinakwera ya ku Balaka, n'kudzera njira ya ku Zalewa dala. Basi inaima pa Phalula. Ndinawaona mayi ako, ali m'mbali mwa msewu ndi beseni la chimanga chootcha, duku atalitsitsa mpaka m'masaya, kunja kukutentha choncho. Anavala bulauzi yotuwa, ya mtundu wa fumbi, yoti munthu asakuone. Ndinali nditakonza mawu kuyambira ku Liwonde. Ndinatsetsereka pa mpando mpaka mutu unabisika. Munthu amene ndinakhala naye, woti ndamuseketsa njira yonse, anandifunsa ngati ndadwala. Ndinati eya.

Anthu amati Diki telala sasowa anzake, pakhonde pake sipatha phokoso. N'zoona, mpaka dzuwa litapendeka. Akatenga zovala zawo amapita kwawo. Che Adamu anapita, mnzanga wa ku njanji anamusamutsa. Amene ankatsala n'kumandiuza kuti, "Ababa, nthabwala imeneyo mwainena kale Lachiwiri," ndiwe. Kuyambira mawa ndizinena kawirikawiri popanda wondiletsa. Sindikunena kuti undimvere chisoni, iyayi. Pita, ukaphunzire, ukabaye anthu jakisoni. Ndikungoti ndikhale ndi nkhope imodzi padziko pano imene sindinaiwononge.

M'thumba la m'mbali la sutikesi ndaikamo kanthu. Ndi tizidutswa ta nsalu, ndatisokera pamodzi pa ngodya ngati kabuku. Muli yoyera, buluu wa inki, yobiriwira yolimba, yofiira ngati magazi, pinki wakupsa, pepo wakuda, ndi ina yakuda bii, poti anthu amanama kuti munthu wakuda savala chakuda. Uziyenda nako m'chikwama. Ukafuna kugula kanthu, kayandikize. Chikagwirizana ndi kamodzi mwa timeneti, gula. Chikakana, siya, ngakhale chitchipe bwanji. Kansalu koyera kali pamwambako n'kakale, kali ndi mizere ya mopinda. Ndi kaja mayi ako anakasiya pa mashini. Sindinakasokere pa chilichonse zaka zonsezi, mpaka lero.

Kabotolo sindinakachotse. Ndikanatha kukaponya m'chimbudzi, iwe n'kukagula kena Lolemba, ku Blantyre n'kosasowa. Ndiwe wamkulu, ndipo nkhope ndi yako. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Usanakatsegule, tuluka panja m'mawa, samba kumaso, tenga galasi, ika kansalu koyera kaja pansi pa chibwano. Uyang'ane monga ndakuphunzitsira, maso, mano, m'munsi mwa maso. Uyang'ane ngati telala, osati ngati mwana wa Diki. Ukaona cholakwika, undilembere undiuze n'chiyani, chifukwa ine ndayang'ana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinachipeze. Ndipo ngati mawu anga sakukwanira, poti ndi a munthu wanthabwala, pa holide yoyamba utsike pa Phalula, uwaonetse mayi ako kabotoloko. Iwo sakakuseka.

Kalatayi ndikupatsa pa siteji, basi ikamanyamuka, kuti usaiwerenge ndili pomwepo. Ndikakuseketsa mawa, useke, usandichititse manyazi pa anthu. Uvale la buluu lija pofika. Osachapa ndi madzi otentha. Osasankha nsalu pa magetsi. Bondo libisike. Ndiwe wa dzinja.

Pa Khirisimasi ndidzakhala pa siteji kuyambira m'mawa. Ukadzabwera utayera, ndidzanyamula sutikesi yako chimodzimodzi, ndipo sindidzanena kanthu, ngakhale kamodzi, ndidzadziponda chala ndekha. Koma ndikufuna ndidzakudziwe basi isanaime, uli pa windo, pakati pa anthu onsewo.

Dzina lija ndalisiya lero. Taona pamwamba pa kalatayi, ndalemba lako lenileni. Ndachita kufunsa kwa aphunzitsi a pa nyumba yachitatuyi ngati ndalemba bwino.

Ndine bambo ako,
Diki